Mesenjala wa ku Kapichi ndi Dziko Lake la Chubu

A Jonas Muhariwa anali mesenjala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ankanyamula makalata pa njinga kuchokera ku ofesi yaikulu kupita ku fakitale, kukachipatala ka pa esitetipo ndi ku madivishoni onse asanu a minda ya tiyi, ndipo madzulo ankabwera ndi mayankho m'chikwama cha khaki chomwe ankachikoleka paphewa. Anali munthu wamfupi, wa miyendo yolimba. Pa nkhani zina anali wofatsa, koma ukangolakwitsa n'kuwafunsa njira, unkafunika kupeza pokhala. Ankakuuza njira ya magalimoto, njira yachidule yodutsa m'mizere ya tiyi, njira ya m'dzinja kamtsinje kakadzaza, komanso dzina la kapitawo amene agalu ake amaluma.

Anabadwira mu komboni ya pa esiteti yomweyo. Bambo awo anachokera ku Mozambiki wapansi ali mnyamata, nathyola tiyi mpaka msana unapindika. Ankakonda kusimba m'Chilomwe za mudzi wa kwawo, n'kumalonjeza kuti chaka chamawa apita kukaona abale. Chaka chamawacho sichinafike. Kunabwera nkhondo, kenako ukalamba, ndipo anaikidwa kumanda a pa esiteti pomwepo. A Jonas nawonso sanawolokepo malire. Dziko lawo linali minda ya tiyi ndi mudzi wa ku Kapichi, kumene anakwatira mayi Margret.

Ntchito inayamba kuchepa mu 1994, kampani itagula njinga zamoto ndi mawayilesi olankhulirana. Makalata ofunika changu anasiya kudutsa m'manja mwawo. Pamene mafoni a m'manja ankafika, chikwama chija chinkapita ku madivishoni chili ndi timapepala tiwiri kapena titatu basi. Mu 2001 anawaika pa geti la fakitale kuti azitsegula ndi kutseka. Anapirira chaka chimodzi, kenako anapempha kupuma, ndipo anauza akazi awo kuti mpando wa pagetiwo ukanawapha. Kumudzi analima nandolo, chinangwa ndi nthochi. Lachiwiri lililonse ankapalasa mpaka ku Nsabwe popanda chifukwa chenicheni, n'kubwerako ndi sopo kapena machesi kuti asafunsidwe.

Mu Julayi 2005, m'mawa wina wa chiperoni, anagwa m'munda kuseri kwa nyumba. Mayi Margret anawapeza atagona chammbali pakati pa nandolo, khasu lili poteropo, akuyesa kuyankhula koma mawu osatuluka. Anakhala milungu itatu m'chipatala cha mishoni, kumene madokotala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja ndi mwendo wakumanzere zitafa, pakamwa patapotoka pang'ono. Anamwino anaphunzitsa mayi Margret mmene angamawongolere ziwalozo tsiku ndi tsiku. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, koma eni ake sankafuna kuwagwiritsa ntchito. Ankangokhala pa khonde pa mpando wandalema kuyang'ana njira, ndipo anthu obwera kudzawazonda ankayankhidwa ndi mutu.

Mwana wawo womaliza, Lestina, anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi nthawi imeneyo. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo ankagwira ntchito yotayipa mu ofesi yomwe ija bambo ake ankatengako makalata. Ankabwera kumudzi Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi. Tsiku lina, posowa chowasangalatsa nacho, anawapatsa foni yake n'kuwaonetsa kagemu ka njoka yodya timadontho. A Muhariwa anakana poyamba, ati ndi za ana. Koma dzanja lamanja linali bwinobwino, ndipo pofika nthawi yoti Lestina azibwerera anachita kuwalanda foniyo.

Ali m'njira, Lestina anakumbukira kuti kusukulu kuja anaphunzirako kupanga timagemu tosavuta. Anali ndi laputopu yakale imene anaigula ku Limbe, ya batire lokhala ola limodzi ndi mphindi zochepa. Kwa miyezi iwiri, pa nthawi ya nkhomaliro anzake akapita kukadya, anapanga kamunthu ka pa njinga, kachikwama kali paphewa, koyenda pa malo obiriwira. Sikanali kokongola, mutu wake unali ngati bokosi la machesi, koma kankapita kumene wakalozetsa. Anaitchaja laputopuyo ku ofesi, popeza kwawoko kunalibe magetsi, nabwera nayo kumudzi n'kuiika pa katebulo patsogolo pa bambo ake.

"Ababa, mesenjala uyu ndi watsopano," anatero. "Sadziwa njira. Ine ndimangodziwa ya ku ofesi ndi ya ku fakitale."

A Muhariwa anayang'ana kwa nthawi ndithu. Kenako analoza ndi chala pa sikirini, nanena kuti fakitale waiika polakwika. Msewu suchoka pa ofesi n'kulunjika chonchi. Umayamba watsika, n'kukhota pa mtengo wa mbawa, ndiye n'kukwera. Anali mawu ambiri kuposa onse amene anayankhula mwezi umenewo. Mayi Margret, amene ankasenda chinangwa pansi pa khonde, anasiya mpeni n'kutembenuka.

Kuyambira pamenepo Lamulungu linakhala tsiku la mapu. Chifukwa cha batire lija, ntchito yambiri inkachitika papepala. A Muhariwa ankafotokoza, Lestina n'kumajambula kumbuyo kwa makalendala akale, ndipo mkati mwa sabata ankalowetsa zonsezo mu kompyuta. Analowetsa minda ndi manambala ake, damu, nkhalango ya bulugama, mashedi oyezera tiyi ndi komboni imene bambo ake anabadwira. Pa chitunda cha munda wa Nambala 14 a Muhariwa anaumirira kuti njinga iziyenda pang'onopang'ono, chifukwa palibe mesenjala amene anakwerapo pamenepo osatuluka thukuta. Masiku enawo iwo ankakumbukira zimene anaiwala, n'kumauza akazi awo kuti awasungire m'mutu mpaka Lamulungu. Mayi Margret ankadandaula kuti sangathenso kusesa pabwalo osamva za kamlatho kena kake, koma ankadandaula uku akumwetulira.

Mapu anatha mu Epulo 2006. Tsiku limenelo a Muhariwa anavala malaya oyera. Anatenga kalata ku ofesi, anaisiya ku fakitale, anadutsa pa damu, anakwera Nambala 14 pang'onopang'ono uku akuseka. Atamaliza madivishoni onse analowetsa njinga mu msewu wakum'mawa, umene umatuluka mu esiteti kupita kumidzi. Anadutsa geti lomaliza, anapalasa pang'ono, ndipo njinga inaima. Kutsogolo kunali mdima wokhawokha, wodulidwa mowongoka ngati ndi lezala. Anadina batani kangapo. Miyendo ya kamesenjala inkapalasa, koma njinga sinkasuntha.

Lestina anafotokoza kuti mapu athera pamenepo, angotembenuka n'kubwerera. A Muhariwa anachotsa dzanja pa mabatani n'kuliika pa bondo. Anati atopa, awathandize kulowa m'nyumba. Batire linali lisanafike ndi pa theka pomwe.

Lamulungu lotsatira anakana kuyang'ana laputopu. Lestina anakhumudwa, poganiza za miyezi yonse ija. Anakapeza mayi ake kukhitchini akukazinga mtedza, nawafunsa chimene analakwitsa. Mayi Margret anati sanalakwitse kanthu. Anati sabata yonse bambo ake akhala akunena za kamunthu kaja, kuti kakupalasa koma sikakuyenda, ndipo Lachinayi anawapeza akulira pa khonde, chinthu chimene sanachite ngakhale kuchipatala.

"Wajambula iwo amene, mwanawe, mosadziwa," anatero. Anatakasa mtedza uja kwa kanthawi, kenako anafunsa, "Nanga kanjoka ka pa foni yako kaja, si kamati kakalowa uku kamatulukira uko? Ndinkaona ine akusewera. Njingayi singatero?"

Lestina anaona kuti ikhoza kutero, ndipo sinali ntchito yovuta. Njinga ikafika pothera kum'mawa, kompyuta ingoiika poyambira kumadzulo, chimodzimodzinso kumpoto ndi kummwera. Anachita zimenezi tsiku limodzi lokha. Koma atayesa, zinaoneka zopusa. Unkatuluka pa geti lakum'mawa uli mu msewu, n'kupezeka uli pakati pa damu lakumadzulo. Kamtsinje kotuluka kummwera kankalowera kumpoto m'munda wa tiyi n'kungothera pomwepo. M'mphepete mwa mapumo simunkagwirizana. Panafunika dera lina pakati, loti msewu wakum'mawa uyende bwinobwino mpaka ukakumane ndi wakumadzulo.

Anapita kwa bambo ake ndi kalendala yosajambulidwa kumbuyo, laputopu ataisiya m'chikwama. Anawafotokozera kuti akufuna kulumikiza mbali ziwirizo kuti njinga isamaimenso, koma sakudziwa choika pakatipo. Anati akhoza kuika midzi yeniyeni, ku Changata ndi kwina, kapena tchire chabe. A Muhariwa anafunsa ngati malowo ayenera kukhala enieni. Lestina anati ayi, chilichonse chimene iwo anganene, iye ajambula.

A Muhariwa anakokera kalendalayo pafupi. Kenako anayamba kuyankhula m'Chilomwe, chimene masiku amenewo ankachiyankhula ndi akazi awo okha. Anati ukadutsa geti, msewu utsike mpaka pa mtsinje wa mchenga wofiira, wowolokera pa miyala itatu. Tsidya linalo pakhale phiri lalitali, ndipo pamwamba pake thanthwe long'ambika pakati ngati lachita kuwazidwa ndi nkhwangwa. Pansi pa phirilo pakhale nyumba zisanu ndi imodzi, mitengo ikuluikulu ya mango, ndi chitsime pansi pa mkuyu. Nyumba yachitatu ikhale ndi chitseko choyang'ana kuphiri, osati kunjira ngati zinazo. Lestina ankajambula, mawu ena akamusokoneza n'kumafunsa mayi ake. Atafika pa chitsekocho anazindikira kuti umenewu ndi mudzi wa agogo ake, amene anamwalira iye asanabadwe.

"Mukuukumbukira bwanji, ababa, inu simunafikeko?"

"Ndinaumva kwa zaka makumi atatu," anayankha. "Mwina ndasokoneza apa ndi apo. Palibe adzatitsutse."

Ntchitoyo inatenga milungu isanu ndi umodzi. Tsiku loyesa, a Muhariwa sanatenge kalata iliyonse. Anapalasa mwakachetechete kulunjika pa geti lakum'mawa, anaima pamenepo pang'ono, kenako anadina. Msewu unatsika, mtsinje unabwera ndi miyala yake itatu. Pa nyumba yachitatu anaimitsa njinga, nakhala akuyang'ana kachitseko kaja, kamene kanali timadontho tochepa tofiirira chabe. Mayi Margret anabwera kudzaima kumbuyo kwawo, dzanja ataliika paphewa lakufalo. Patapita nthawi a Muhariwa anapitiriza. Anadutsa m'tsinde mwa phiri, anakwera chitunda, ndipo anangoona mizere ya tiyi ikutulukira kutsogolo, damu lili kudzanja lamanja. Anali atalowa mu esiteti kuchokera kumadzulo.

"Ndabwerako osatembenuka," anatero. "Amake Lestina, mwaona?"

Mayi Margret anati aona, ndipo afulumire akatenge makalata a eni ake, bwana akudikira.

Lestina ankanyadira kuti wapanga dziko lozungulira ngati mpira, mpaka pamene anaonetsa gemuyo kwa mphunzitsi wina wa masamu wa ku sekondale ya mishoni. Mphunzitsiyo anatenga pepala, analumikiza kumanja ndi kumanzere kuti likhale ngati paipi, kenako anakhotetsa paipiyo mpaka mapeto ake anakumana. Anati dziko lakelo si mpira, ndi chubu cha njinga. Pa mpira weniweni, ukapita kumpoto mpaka pamwamba penipeni umatsikira kuseri, sungotulukira pansi. Nkhaniyi inamuvuta Lestina mumtima. Anabwereka mpira, nayesa kuukulunga ndi makalendala a mapu aja, koma pepala linkakwinyika pamwamba ndi pansi, minda ikupanikizana. Anaona kuti, kuti zitheke, ayenera kudula mbali ya Nambala 14 kapena kufinya komboni. Anakawauza bambo ake mwamanyazi, ngati kuti anawanamiza.

A Muhariwa anaseka mpaka kutsokomola. Anati asakhudze chilichonse. Mpira sanaumenyepo bwino chibadwire, koma chubu amachidziwa. Akhala akumata machubu moyo wawo wonse, ndipo dzikolo likadzabooka adzalimata okha. Kuyambira tsiku limenelo mlendo aliyense ankauzidwa kuti mwana wawo anawapangira dziko la chubu.

Alendowo anachuluka. Anthu amene anapuma ntchito pa esiteti anamva, ndipo Lamulungu masana ankadzaza khonde, aliyense kufuna kuona shedi yake kapena nyumba imene ankakhala, batire lisanathe. Mmodzi mwa iwo anali a Stewart Makwinja, amene ankayendetsa thirakitala. Iwowa anaona mlatho wa kumunsi kwa munda wa Nambala 9, nanena kuti walakwika. Pamtsinjepo pali mtengo waukulu wa mbawa, ndipo mlatho uli kumtunda kwa mtengowo, osati kumunsi. A Muhariwa anati anadutsapo kambirimbiri kuposa munthu wina aliyense wamoyo. A Stewart anati munthu wa pa thirakitala amakhala pamwamba, amaona bwino kuposa wa pa njinga amene maso ake amakhala pa tayala. Anakangana masabata atatu. Pamapeto pake a Muhariwa anaitanitsa ndodo imene anawapatsa kuchipatala, imene inali isanagwirepo ntchito, nanena kuti apite akaone ndi maso.

Panatenga mwezi wathunthu kuti athe kuyenda kuchoka pa khonde kufika pamsewu. Ankayeserera m'mawa uliwonse, mayi Margret atawagwira mbali yakufayo. Masiku oyamba ankafika pa nkhokwe basi n'kubwerera atanyowa ndi thukuta, akudzudzula ndodo kuti ndi yaifupi. Mu Okutobala 2007 a Stewart anapempha munthu wina wogula nthochi kuti awatenge pa galimoto yake. A Muhariwa anakhala kutsogolo, enawo kumbuyo pamwamba pa mikoko ya nthochi. Aka kanali koyamba kuchoka pakhomo chibwerere kuchipatala. M'njira ankatchula manambala a minda galimoto isanafikepo, ndipo othyola tiyi ena achikulire atawazindikira anaweramuka m'mizere n'kuwakwezera manja.

Mlatho unali kumtunda kwa mtengo. A Stewart anangovula chipewa n'kumadzikupiza nacho. Koma a Muhariwa anapempha kuti awatsitse, ndipo anayenda ndi ndodo pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsinje, Lestina atawagwira lamba kumbuyo. Kumunsi kwa mtengo, m'maudzu, analoza zipilala ziwiri za njerwa zomera ndere. Kapitawo wa pamenepo, amene anabwera kudzaona kuti pachitika chiyani, anati mlatho wakale unakokoloka ndi madzi a Muhariwa atapuma kale ntchito, ndipo watsopano anaumanga chakumtunda. A Stewart anati zimenezo anaziiwala. Madala awiriwo anakhala pa chipilala chimodzi akudya nthochi za mwini galimoto, aliyense akunena kuti wapambana ndi iye.

Pobwerera Lestina anafunsa kuti mu gemu aike mlatho uti. A Muhariwa anati aike yonse iwiri.

A Muhariwa anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Njinga sanakwerenso, koma ankayenda ndi ndodo mpaka ku tchalitchi, ndipo nandolo wa chaka chotsatira anadzala okha ndi dzanja limodzi, akazi awo akukumba mapando patsogolo. Anamwalira mu Seputembala 2009, sitiroko itabweranso. Nthawi imeneyo anali atayamba kuwonjezera mudzi wa ku Kapichi mu gemu muja. Pa kalendala yomaliza panali njira imodzi yosamaliza, yochokera pakhomo pawo kutsetsereka kudimba, ndipo anali asanagwirizane ndi akazi awo ngati njirayo imadutsa kumanja kapena kumanzere kwa chulu. Maliro atatha, Lestina anafunsa mayi ake kuti ajambule bwanji. Mayi Margret, amene amayenda njirayo tsiku lililonse, anati imadutsa kumanzere, koma ajambule kumanja monga ananenera bambo ake.